Chipewa Chamlaza cha a Orrin

Kunyumba kwa a Orrin Tollefson m'mawa uliwonse unkayamba mofanana. A Orrin ankadzuka kusanayere, n'kuteleka khofi, n'kuwotcha buledi, kenaka n'kuvala chipewa chawo chamlaza asanalowe kuchipinda kukadzutsa akazi awo. Bambo wamkulu wovala chipewa m'nyumba, zovala zogonera zikadali m'thupi, ndi woseketsa ndithu, ndipo ife oyandikana nawo tinkawaona pazenera. Koma panalibe amene ankaseka, chifukwa tonse tinkadziwa chimene chinkawavalitsa chipewacho.

Akazi awo, mayi Twila, anali atagwidwa ndi matenda oiwala. Anayamba ndi zazing'ono, makiyi kupezeka m'firiji, mkaka kupezeka pamene pamakhala nsapato. Kenaka anaiwala njira ya kutchalitchi ndi mayina a zidzukulu, ndipo pomaliza anaiwala dzina la mwamuna amene anakhala naye pabanja zaka zoposa makumi anayi. Ankangowaitana kuti "abambo achipewa". Tsiku lina a Orrin anatuluka kubafa dazi lili pamtunda, mayi Twila n'kukuwa ngati aona mbala, n'kuthawira kwa aneba osavala nsapato. Kuyambira tsiku limenelo a Orrin sanaonekenso pamaso pa akazi awo opanda chipewa.

Chipewacho chinali chakalekale. Mayi Twila ndiwo anawagulira, masiku amene banjali linkalima tirigu ndi mpendadzuwa ku North Dakota, lisanagulitse munda n'kutsikira kuno ku Arizona kumene okalamba timathawira chisanu. Chinali ndi khonde lotambalala ngati lichero, chitada ndi thukuta la zaka zambiri. Pamutu chinkangokhala mwaulemu chabe, poti tsitsi limene linkachigwira linali litapita kale.

Chinthu chimodzi chokha matendawo anachilambalala, ndicho pickleball. M'mudzi mwathu muno, mudzi wa anthu opuma pantchito kunja kwa mzinda wa Mesa, masewero amenewa ndiwo munda wathu, ndiwo msika, ndiwonso pochitira miseche. Awiri uku, awiri uko, timatabwa m'manja, kampira kapulasitiki kazibowo, ndi neti yolekeza m'chiuno. Mbali zonse ziwiri za netiyo kuli kachigawo kodulidwa ndi mzere kamene timakatcha khitchini. Lamulo lake n'lakuti ukamenya mpira uli m'malere, usananjanje pansi, m'khitchinimo musagwere kanthu kako, kaya ndi phazi, kaya magalasi, kaya chipewa. Kakagweramo ndiye kuti walakwa, ngakhale mpirawo utaumenya mokongola chotani.

Mayi Twila anali mphunzitsi wa zamasewero kusekondale, ndiponso woyimbira mipikisano ya atsikana, wezulo pakhosi zaka zonse za ntchito yawo. Theka la mudzi uno linaphunzira pickleball kwa iwo, amuna awo omwe, ndipo tonse tinalawako lilime lawo. Phazi lako likangokhudza mzere wa khitchini, ankakutchula dzina lako lonse, loyamba ndi la makolo, anthu onse akumva. Tsopano mayi yemweyo sankadziwa kuti lero n'lachingati, ndipo mapointi sankathanso kuwasunga m'mutu. Koma akangoponda pabwalo, msana unkawongoka, maso n'kuwala, miyendo n'kumafika pamene mpira ukatere mpirawo usanafike. Tinkaleka masewero athu n'kumangowayang'ana, kukamwa kuli yasa, mtima ukufunsa kuti nzeru zimenezi zikubisala pati m'mutu umene zonse zathawamo.

Loweruka limenelo kunali mpikisano wa m'mudzi, wa mwamuna ndi mkazi mbali iliyonse, ndipo kwa banjali unali womaliza. Mwana wawo Corinne anali atawapezera mayi ake malo kunyumba yosamalira odwala matenda oiwala, ndipo sabata yotsatirayo ankayenera kupita. A Orrin ankauza aliyense kuti akufuna mendulo, akawaveke akazi awo m'khosi popita kumeneko. Koma zimenezo zinali zapakamwa. Chimene ankachifuna pansi pamtima chinali chakuti mkazi wawoyo, asanapite, awayang'ane kamodzi kokha n'kudziwa kuti uyu ndi mwamuna wanga. Ndipo ankakhulupirira kuti kaulusi komaliza kowamanga pamodzi kanali chipewa chija.

Akudya chakudya cham'mawa, panja panaima kagalimoto ka gofu, n'kutsikamo a Hobart Pruitt, amene timangowatcha a Hob. A Hob anali dalaivala wa mathiraki masiku awo, munthu wamimba, wamawu ngati hutala, mnzawo wa a Orrin wa ponda apa nane m'pondepo. Analowa osagogoda, m'manja atanyamula kachipewa kopanda denga kamene timati vaiza, kamene kali ndi khonde lakutsogolo lokha lotchinga maso, ndi lamba womangira kunkhongo.

"Alimi, mwadzuka?" anatero a Hob, akudzithirira khofi ngati kwawo. "Mwamva zanyengo? Masana kuwomba mphepo, ija imatigwetsera mipando. Ndakubweretserani aka. Lichero lanulo lero lisiyeni pa msomali lipume."

A Orrin anakanyamula ndi zala ziwiri, n'kukayang'ana uku ndi uku. "Ndiye chimenechi mukuti n'chipewa? Anayamba kusoka, ulusi n'kuwathera panjira. Dazi langali mukufuna anthu akazingirepo mazira?"

"Nanga langali lapsa? Taonani, likuwala ngati mbale yatsopano. Mumadzola mafuta a dzuwa, basi, nkhani yatha. Aka kamagwira mutu, mdala. Mpira ukakwera m'mwamba umauona, thukuta limatuluka, mphepo imangodutsa. Chanucho ndi thanga la bwato."

"Ndalima nacho m'mphepo ya ku Dakota, inu mukuwodzera m'thiraki. Kamphepo ka kuno kangandiuze chiyani?"

"Chabwino, mangani chingwe m'khosi."

"Chingwe? Ndasanduka mbuzi ine?"

Nthawi yonseyi mayi Twila ankapaka batala pabuledi yemwe anali atapakidwa kale. Vaiza yawo yoyera anali atavala, tsitsi laimvi litatulukira pamwamba, poti kavalidwe kameneko manja awo sanakaiwale. Anayang'ana pazenera, pamene masamba a kanjedza anali atayamba kugwedera, kenaka anatembenukira kwa amuna awo.

"Abambo achipewa inu," anatero mofatsa, "chimenecho chigwera m'khitchini."

"Inde, amayi, tamva. Idyani buledi wanu," anayankha a Orrin, ndi mawu aja timalankhulira ana.

Ndinene pano kuti ili ndi tchimo la tonse amene tasamalako wodwala wotere. Munthu akayamba kuiwala, ife timayamba kugontha. Timamusambitsa, timamudyetsa, timamukonda, koma mawu ake timawaika pamodzi ndi kulira kwa firiji. A Orrin sanali munthu wouma mtima, koma analeka kale kuyembekeza kuti m'kamwa mwa akazi awo mungatuluke langizo.

Potuluka panja, a Hob anawagwira pamkono n'kutsitsa mawu. "Achimwene, musaone ngati ndine chitsiru. Ndikudziwa chimene mukuopa."

A Orrin anayang'ana pansi. "Ngati mukudziwa, ndisiyeni. Ndikachivula, ndikhala ndani kwa iwowa?"

A Hob anangoponya vaiza ija m'kabasiketi ka kumbuyo kwa kagalimoto kawo, n'kunena kuti akapezana kubwalo.

Kubwalo anthu anali atadzaza kale. Ena anali pamipando yopinda, ena pamithunzi ya maambulera, amayi a kwaya akugawa madonasi ndi madzi ozizira, ndipo phokoso la timipira linkamveka ngati anthu ambiri akukhoma misomali nthawi imodzi. Aliyense amene anayang'ana kumwamba m'mawawo anabwera ndi vaiza kapena kapusi yothina. Chipewa chotambalala chinali chimodzi chokha pabwalo ponse, ndipo mwini wake ankayenda nacho monyadira ngati tambala.

Masewero oyamba anayenda bwino. A Orrin ndiwo ankatchula mapointi asanayambitse mpira, n'kuwakodola akazi awo kuti aime mbali iyi kapena iyo, ndipo zotsalazo mayi Twila ankazichita okha. Sankamenya mwamphamvu. Ankangoukhudza mpira, n'kuugoneka kuseri kwa neti mofatsa ngati mayi akugoneka khanda, adani n'kumafika mochedwa. Wina akamenya chamkokomo cholunjika pamtima pawo, kathabwa kankapezeka kali pomwepo kale, mpira n'kubwerera wozizira. Bambo wina amene anangosamukira kuno kumene, munthu woti ankasewera tenisi m'mipikisano, anawomba mpira ndi mphamvu zake zonse, ndipo mayi Twila anaubweza osasuntha phazi. Bamboyo anangoima, n'kuyang'ana kathabwa kake ngati kamunamiza.

Pakati pa masewero, akakhala pabenchi, kuwala kuja kunkazima. Ankagwira botolo la madzi osadziwa kuti alitsekule bwanji, n'kumafunsa kuti basi ya sukulu ibwera nthawi yanji kudzatenga atsikana. A Orrin ankawatsekulira botololo, n'kuwauza kuti basi ili panjira. Kenaka ankaitanidwanso, mayi Twila n'kuwoloka mzere wa bwalo, n'kusandukanso munthu wina pamaso pathu. Ndinaona amuna akuluakulu, anthu oti anapita kunkhondo, akupukuta m'maso n'kumanamizira fumbi.

Dzuwa litafika paliwombo, mphepo ija inafika monga analonjezera. Inayamba ndi kunyamula timapepala ta madonasi, kenaka inagwetsa ambulera, n'kumatukula fumbi lofiira la m'chipululu mpaka mapiri akutali anazimiririka. Chipewa cha a Orrin chinayamba kuvina. Kangapo konse anachigwira ndi dzanja lamanzere uku lamanja likumenya mpira, ndipo mpira ukakwera m'mwamba khonde lija linkawatchinga, n'kumazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. Nthawi zonsezo mayi Twila ankathamangira kumbuyo kwawo n'kuupulumutsa mpirawo. Anthu ankaombera m'manja, a Orrin n'kumakankhira chipewa pansi mwaukali.

Anafika m'ndime yomaliza, ndipo okumana nawo anali a Hob omwe aja pamodzi ndi mayi Lupe Archuleta. Mayi Lupe anali namwino wopuma, wamasiye, wamfupi ndi wachangu, ndipo ndi kunyumba kwawo kumene mayi Twila anathawira tsiku la dazi lija. Asanayambe, mayi Lupe anafika paneti n'kuloza chipewa.

"A Orrin, mwatsala pang'ono kuuluka. Vaiza ili m'galimoto ya a Hob, ndikakutengereni?"

"Mayi Lupe, samalani za mpira. Za mutu wanga ndisamala ndekha."

"Kaya zanu izo. Ine odwala osamva ndinawazolowera."

Mpikisano wa m'mudzi sukhala ndi woyimbira. Aliyense amadziyimbira yekha, ndipo ukalakwa, kapena mnzako wa mbali yako akalakwa, umanena wekha. Opambana ndi amene ayamba kufika mapointi khumi ndi imodzi, atawasiya anzawo ndi awiri. Masewerowo anali okoka mtima. A Hob ndi mayi Lupe sanabwere kudzapereka mphatso, ndipo mapointi ankangotsatana ngati mapazi a munthu mmodzi. Mabwalo ena onse anaima, anthu n'kuunjikana kumpanda wawaya, mpaka panafika poti a Orrin ndi akazi awo ali ndi khumi, anzawo asanu ndi anayi, ndipo mpira uli m'manja mwa mayi Twila. Pointi imodzi yokha, mendulo inali yawo.

Mayi Twila anayambitsa mpira, a Hob n'kubweza, ndipo posakhalitsa onse anayi anali atafika pamzere wa khitchini, akupatsirana kampira kaja mofewa pamwamba pa neti. Panali zii, kungomveka mpira ndi mphepo. Mayi Twila anaupititsa kumanzere, kenaka kumanzere kwambiri, mpaka mayi Lupe anatambasuka mopitirira, n'kuukweza m'mwamba mosafuna. Mpirawo unalendewera pamaso pa a Orrin, wonona, wosavuta. Mlimi uja anadzuka ndi mphamvu zonse zimene zinatsala m'mapewa mwake, n'kuuwomba uli m'malere. Unadutsa pakati pa a Hob ndi mayi Lupe ngati mphezi.

Koma pamene thupi linkagwedezeka ndi kumenyako, mphepo inalowa pansi pa khonde lija. Chipewa chinanyamuka pamutu, chinatembenuka kamodzi m'malere, n'kutera chagada pakati penipeni pa khitchini.

Tonse tinachiona. Panalibe munthu kumpanda kuja amene sankadziwa lamulolo, ndipo panalibe amene anatsekula pakamwa. Kenaka wina kumbuyo anayamba kuomba m'manja, ena n'kutsatira, ndipo m'kanthawi kochepa mudzi wonse unali utagwirizana bodza popanda kupangana. A Hob, amene chipewacho chinagwera pafupi ndi mphuno yawo, anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo, n'kuyamba kuyenda kupita paneti, kathabwa katatambasulidwa, kuti agundanitse ndi anzawo monga timachitira masewero akatha.

"Mwatipha, alimi! Mwapambana!" anakuwa a Hob.

A Orrin sankamva zonsezo. Mphepo inkawazizira padazi. Za mendulo anali ataiwala. Ankangoganiza za tsiku la kubafa lija, kuti tsopano akazi awo atembenuka, aona mlendo waima pambali pawo, akuwa pamaso pa anthu onsewa. Anawerama msangamsanga kuti atole chipewa asanaonedwe.

"Orrin Tollefson!"

Mawuwo anadula phokoso lonse. Sanali mawu ofooka aja ofunsa za basi. Anali mawu a mphunzitsi, mawu amene ankaimitsa atsikana odzaza holo, ndipo ambiri a ife tinadzidzimuka n'kuyang'ana mapazi athu ngati talakwa ndife. A Orrin anauma ali chiweramire, dzanja lili m'malere.

Mayi Twila anali ataima chilili, kathabwa kakuloza chipewa, maso ali pa amuna awo. Ankawayang'ana pankhope penipeni, dazi lili poyera, ndipo m'maso mwawo munalibe mantha ngakhale pang'ono. Munali mkwiyo wa mkazi amene akumudziwa bwino munthu amene akumukalipira.

"Chisiyeni pomwepo anthu achione. Chagwera m'khitchini chimenecho. Mwalakwa."

"Aaa, mayi Twila, ndi mphepo imeneyo," anayesa a Hob. "Ife sitinaone kanthu."

"Hobart Pruitt, maso anu ndi a galasi? Bwererani kumalo kwanu." Kenaka anatembenukiranso kwa amuna awo, n'kutsitsa mawu pang'ono, koma tonse tinamva. "Bambo a Corinne, mwakalamba chonchi mukufuna kudya za chinyengo? Ndinakuphunzitsani choncho ine? Zaka zonsezi ndakhala nanu, khutu lanu n'lomwe lija la ku Dakota."

A Orrin anawongoka pang'onopang'ono. Anayang'ana akazi awo m'maso. Kenaka anati, "Twila, mukundidziwa?"

"Funso lanji limenelo? Ndisakudziweni ndinu mlendo? Perekani mpira kwa anzanu, nthawi ikutha."

Ine ndakhala zaka zambiri, ndaona ana akubadwa ndiponso ndatseka maso a anthu, koma chinthu ngati chimenechi sindinachione. Kumpanda kuja anthu anaima ngati ali m'tchalitchi, ena atagwira pakamwa, amayi a kwaya akulira osabisa. Madokotala anali atanena kuti dzina limenelo linafufutika, ndipo tonse tinali titavomereza. Koma apa linatuluka lathunthu, loyamba ndi la makolo, ndi la mwana lomwe, litakokedwa ndi lamulo la kampira kapulasitiki.

Mayi Lupe sanadikire kuuzidwa. Anathamangira kukagalimoto ka a Hob, n'kubwera ndi vaiza ija, n'kuiponya pamwamba pa neti. A Orrin anaiwakha, n'kuimanga kunkhongo mofulumira, lamba n'kupotoka. Mayi Twila anachita tsonyo, anafika pafupi, n'kuwawongolera ndi manja awo, monga ankawawongolera tayi popita kutchalitchi. Chipewa chija wina anachikankhira kunja kwa bwalo ndi phazi, mphepo n'kuchikunkhuniza mpaka kumpanda.

Kulakwa kuja kunapereka mpira kwa a Hob ndi mayi Lupe. A Hob anaugwira mpirawo akuoneka ngati munthu amene wauzidwa kuti aphe galu wake. Anayang'ana a Orrin, n'kuyang'ana mayi Twila, ndipo zinali zoonekeratu kuti akufuna kuuponyera paneti dala.

"Hobart," anatero mayi Twila, "mukangoyerekeza kutisewerera ngati ana, ndikudziwani."

"Ayi, aphunzitsi," anayankha a Hob, thiraki yonse ija itasanduka mwana wasukulu.

Ndiye anasewera zenizeni. Koma a Orrin sanalinso munthu woti n'kusewera. Maso anali atadzaza misozi, mpira ankauona uwiri, ndipo mutu wawo unkangotembenukira kwa akazi awo. Mayi Twila ankamenya mbali yawo ndi theka la mbali ya amuna awo, akukalipa mpira uliwonse. "Orrin, wanu uwo! Orrin, pindani mawondo! Orrin, mukuyang'ana ine, mpira uli pankhope panga?" Dzina lililonse linkawagwera a Orrin ngati mvula yoyamba pamunda, ndipo m'malo mopinda mawondo ankangomwetulira ngati chitsiru, mpira n'kumawadutsa m'mbali. A Hob ndi mayi Lupe anatenga mapointi atatu otsatizana, masewero n'kutha.

Mendulo inapita choncho. Ikanakhala vaiza pamutu paja kuyambira m'mawa, bwenzi mpira uja utatseka masewero, mayi Twila n'kupita kumalo kwawo kwatsopano atavala chonyezimira m'khosi. Anawachenjeza mnzawo, anawachenjeza namwino, anawachenjezanso mkazi wawo yemwe pakhomo, koma a Orrin anasankha kukakamira. Zimenezo sitingazibise, ndipo iwo eni sanazibise. Anagundanitsa timatabwa paneti, n'kunena mokweza kuti anthu amve, "Ndaluzitsa ndine. Amayiwa anandiuza."

"Mwaluzitsa ndinudi," anatero mayi Twila. "Mawa tibwere m'mamawa, mudzaphunzire kuima."

Anatuluka m'bwalo atagwirana mkono, anthu akuwapatukira mwakachetechete. A Orrin ankayenda pang'onopang'ono, ngati munthu wosenza ndowa yodzaza amene akuopa kutaya. Ankadziwa zimene zinkabwera. Atadutsa chipata chawaya, mapewa a mayi Twila anayamba kugwa. Pofika pakagalimoto ka gofu kamene anabwera nako, kuwala kuja kunali kutazima, ndipo anayang'ana anthu, mipando ndi fumbi ngati munthu wotsika basi pamalo olakwika. Kenaka anayang'ana bambo wadazi amene anawagwira mkono.

A Orrin anadikira. Chipewa chinali kutali, ndipo ulendo uno sanayese n'komwe kuchifunafuna. Anangoima pomwepo, dazi litafiira ndi dzuwa, n'kulola kuti aonedwe.

"Abambo inu," anatero mayi Twila mokayika, "ndinu amene mukundiperekeza?"

"Ndine, amayi."

Anawayang'anitsitsa kanthawi. Dzina silinabwerenso, koma sanakuwe ndipo sanathawe. Anakwera m'kagalimoto muja, n'kusendera kuti bamboyo apeze pokhala, dzanja lawo likadali m'dzanja lake. A Orrin anayendetsa ndi dzanja limodzi mpaka kunyumba, akulira poyera msewu wonse, ndipo tonse amene tinawaona tinadziwa kuti sikunali kulira kwa munthu woluza.

Sabata yotsatirayo mayi Twila anapitadi kunyumba yosamalira odwala ija. A Orrin anakambirana ndi oyang'anira kumeneko, ndipo m'mawa kukacha bwino amakawatenga n'kubwera nawo kubwalo. Masiku ambiri amasewera mpaka kumaliza dzina osamveka. Koma nthawi zina a Orrin amapondetsa dala chala pamzere wa khitchini, n'kuima, n'kudikira. Ife a mabwalo oyandikana timaleka kumenya, n'kudikira nawo, mitima ili m'mwamba. Ndipo likamveka, lonse lathunthu, ndi ukali wake womwe uja, nkhalamba ija imaweramitsa mutu ngati ikudalitsidwa.

A Orrin ankayesa kuti mkazi wawo anatha, kuti chatsala n'chipewa, ndipo chifukwa cha maganizo amenewo anatseka khutu n'kutaya mendulo. Sankadziwa kuti njira imene munthu wayendamo moyo wake wonse, ndi anthu amene wayenda nawo m'menemo, sizifufutika msanga ngati mmene timaganizira. Pangaume chotani, pangapite nthawi yotani, tsiku lake likafika zimabwerera mmene zinkadutsa. Akuluakulu sananame pamene anati madzi saiwala khwawa.